Za Kutuma Mau kwa Iwo Amene Sitiwaona

Kwa akulu a mpingo, aphunzitsi a m'midzi ndi Akristu onse. Muyambe mwawerenga Genesis 24, Yoswa 22 ndi 2 Samueli 18.

Kuli ntchito ina masiku ano imene makolo athu sanaidziwe. Munthu akhala m'nyumba mwake ndi kompyuta, nagwirira ntchito bwana wokhala tsidya lija la nyanja yamchere, amene sanagwirane naye chanza chikhalire. Amlembera makalata, amsungira masiku a misonkhano, ayankha anthu ofuna malonda, nawerengera ndalama zolowa ndi zotuluka. Pa Chingerezi munthu wotere amtcha virtual assistant. Ife tidzamtcha kalaliki wakutali, pakuti ntchito yake ndi ukalaliki womwe uja tiudziwa, koma tebulo lake lili m'dziko lina. Ambiri a iwo ali ku Philippines, dziko la zisumbu zambiri, kumene Chingerezi chili chimodzi cha zinenero ziwiri za boma. Kumeneko anthu oposa miliyoni imodzi adya za ntchito zogwirira makampani akunja, ndipo ambiri achezera usiku wonse, chifukwa usiku wa ku Manila ndiwo usana wa ku New York. Ena ali ku India ndi ku Kenya. Ndipo m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maofesi, ngakhale iwo amene anazolowera kukhala m'chipinda chimodzi anayamba kutumana pa intaneti, yense ali kwake.

Mwina wina adzati, Nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife a kumudzi? Zitikhudza ndithu. Ana amene muli kuwaphunzitsa lero, ena adzadya za ntchito yotere. Ndipo ngakhale tsopano midzi yambiri ili ndi mwana wake ku Johannesburg kapena ku Cape Town, amene ali kumanga nyumba kwao ndi mau a pa WhatsApp, mlamu wake ndiye maso ake ndi manja ake. Pamene mau asokonekera panjira pamaonongeka ndalama, pamatha ntchito, ndipo nthawi zina pamatha chibale. Tifuna tsono kufotokoza muzu wa chisokonezocho, ndiwo uwu: wotuma aona zinthu zimene wotumidwa saziona, naiwala kuti mnzakeyo saziona.

Tiyambe ndi nkhani ya nkhondo. Pa 25 Okutobala 1854, Angerezi ndi Afalansa ndi Aturuki analikumenyana ndi Arasha pa malo otchedwa Balaclava, m'dziko la Crimea. Kazembe wamkulu wa Angerezi, Lord Raglan, anaima pamwamba pa phiri, ndipo bwalo lonse la nkhondo linali poyera pamaso pake. Ali pomwepo anaona Arasha ali kukonzeka kuchotsa mizinga imene anailanda m'mawa mwake pa chitunda china. Pofuna kuwaletsa, ananena lamulo, ndipo Kazembe Airey analilemba msanga ndi pensulo pa kapepala, lakuti apakavalo apite kutsogolo mofulumira, nakaletse mdani kuchotsa mizinga. Mizinga iti, kapepalako sikananene. Kwa Raglan kunalibe chifukwa cha kunena, popeza mizingayo analikuipenya ndi maso ake.

Kapepalako anakatenga Kaputeni Nolan, natsika phiri pa kavalo, nakapereka kwa Lord Lucan, mkulu wa apakavalo, amene anali pansi m'chigwa. Tsono taonani: pamene Lucan anaimapo, chitunda chinabisa mizinga ija ya Raglan. Iye anafunsa kuti mizinga yake ndi iti. Funsolo linali labwino, ndipo likadayankhidwa bwino anthu akadakhala ndi moyo. Koma Nolan anali munthu wopsa mtima msanga, ndiponso sanali kumlemekeza Lucan. Anangotambasula dzanja lake mwaukali, naloza cha kumapeto kwa chigwa, kumene kunali mizinga ina ya Arasha yokonzeka kuomba. Lucan sanafunsenso. Lord Cardigan anatsogolera amuna ngati 670 kulowa m'chigwa chimene adani anachizinga kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri. Oposa 100 anaphedwa, ena ambiri analasidwa kapena kugwidwa, ndi akavalo mazanamazana anatayika. Nolan mwini anali mwa oyamba kufa, kotero kuti palibe anatha kumfunsa chimene dzanja lake linatanthauza.

Anthu atsutsana zaka zambiri kuti wolakwa ndani mwa atatuwa. Ife tiyesa kuti cholakwa choyamba chinali paphiri. Raglan sananame, ndipo sanalembe mau achilendo. Analemba mau okwanira munthu woima pambali pake, nawatumiza kwa munthu woima m'chigwa.

Chomwecho bwana wa ku London alembera kalaliki wake wa ku Manila kuti, Uwatumizire kalata ija mawa. M'mutu mwa bwanayo zonse zili poyera, pakuti wangotuluka mumsonkhano, ndipo nkhope za anthuwo akali kuziona. Koma kalaliki sanali mumsonkhanomo. Kalata iti, mwa zitatu zimene anakonza sabata ino? Awatumizire ayani? Ndipo mawa lake la yani? Mau awa akuti mawa, amene m'mudzi sasokoneza munthu, asanduka msampha pamene dzuwa silituluka pamodzi kwa onse awiri. Ikakhala 8 koloko m'mawa ku Lilongwe, ku Nairobi ili 9 koloko, ku Manila ili 2 koloko masana. Ku London ili 6 koloko m'miyezi yao yachisanu, koma 7 koloko m'miyezi yao yofunda, chifukwa Angerezi asuntha mawotchi ao pa Sabata lotsiriza la Malichi ndi pa Sabata lotsiriza la Okutobala, pamene ife ndi a ku Philippines sitisuntha konse. Bwana akalemba madzulo, kalaliki awerenga kwake kutacha kale, ndipo mawa la bwana lasanduka lero. Ngakhale kulemba tsiku ndi manambala okha sikupulumutsa: 3/4 kwa Mngerezi ndi pa 3 Epulo, koma kwa Mmereka ndi pa 4 Malichi. Chifukwa chake amene adziwa ntchito iyi alemba dzina la tsiku, ndi dzina la mwezi, ndi ola, ndi mzinda umene ola limenelo awerengera.

Ndi miyeso chimodzimodzi. M'mwezi wa Seputembala 1999 chombo cha Amereka chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitayenda miyezi isanu ndi inai kunka ku Mars. Pofufuza anapeza kuti gulu lina la akatswiri, la kampani ya Lockheed Martin, linali kupereka manambala a mphamvu m'miyeso ya mapaundi, ndipo gulu la NASA linali kuwalandira ngati a miyeso ya metiriki, imene isiyana ndi inayo koposa kanai. Onsewo anali anthu ophunzira kwambiri, ndipo masamu a gulu lililonse anali oona. Ife tili nazo zathu zofanana nazo. Mwana wa ku Johannesburg alamula kuti, Gulani malata 30, osanena ngati ndi a mafiti 8 kapena 12, kapena geji yake. Mlamu agula opyapyala ndi aafupi kuti ndalama ikwane, ndipo denga likakana kufika pakhonde mlandu ubuka wakuti ndalama inadyedwa. Wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji apangana mtengo pa foni, onse awiri nati makwacha, chinkana kwacha imodzi ya Zambia igula makwacha a Malawi makumi angapo.

Tsono titembenukire kwa Abrahamu, pakuti pa Genesis 24 tiona kutuma kokoma. Nkhalambayo inafuna kupezera Isake mkazi kwa abale ake, ulendo wa masabata ambiri, kumene kunalibe njira yofunsiranso kunyumba. Anaitana mnyamata wake wamkulu wa m'nyumba. (Ambiri amtcha Eliezere, koma mutu umenewu sutchula dzina lake, ndipo aphunzitsi achita bwino kusaonjezapo.) Abrahamu anamuuza chimene afuna, namuuzanso chimene safuna, ndicho mkazi wa kwa Akanani. Pamenepo mnyamatayo, asanalumbire, anafunsa funso: nanga mkaziyo akakana kudza, kodi atenge Isake ndi kunka naye komweko? Abrahamu sanakwiye, sanati mnyamatayo ali wamwano. Anayankha kuti zimenezo ndizo zosachitika konse, napereka chifukwa chake, ndicho lonjezo la Mulungu la dziko limene analimo. Ndipo anaonjeza kuti mkaziyo akakana, mnyamatayo adzakhala womasuka ku lumbirolo.

Tapenyani chimene munthuyo ananyamula pamodzi ndi ngamila khumi zija. Anadziwa cholinga, anadziwa malire amene sayenera kulumpha, anadziwa chifukwa cha malirewo, ndipo anadziwa chochita zinthu zikakanika. Zina zonse Abrahamu anamsiyira. Sanamuuze chitsime choti akaimepo, kapena mau oti akanene kwa Labani. Pa zimenezo mnyamatayo anapemphera nagwiritsa nzeru zake. Apa mabwana ambiri aphonya mbali zonse ziwiri. Ena atuma ndi mau atatu okha, nayembekeza kuti kalaliki alote zotsalazo. Ena alemba masamba asanu a malangizo a pang'onopang'ono, koma osanena chifukwa chake cha ntchitoyo, kotero kuti chikachitika chinthu chimene masambawo sanachitchule, kalaliki aima ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kudikira bwana adzuke ku London. Munthu wodziwa chifukwa akhoza kusankha bwino pa mphambano imene wotuma sanaiganizire. Mukati, Undipezere ndege yofika ku Nairobi Lachitatu, mwanena pang'ono. Mukaonjeza kuti, pakuti msonkhano uyamba Lachinai 8 koloko m'mawa, ndipo sindifuna kupitirira ndalama zakutizakuti, pamenepo ndege ya Lachitatu ikadzaza, kalaliki adziwa yekha kuti ya Lachiwiri ili bwino ndi ya Lachinai ili chabe.

Koma tikhalitse pa funso lija la mnyamata wa Abrahamu, chifukwa apa pali nthenda yathu. Ife tinaleredwa kuti mwana safunsa mkulu kawiri. Mkulu akalankhula, wamng'ono agwada, naomba m'manja, nati, Inde, ndamva. Mwambo umenewu uli ndi ukoma wake, ndipo sitifuna kuutaya. Koma inde ameneyu ali ndi matanthauzo awiri. Pena atanthauza kuti, Ndazindikira, ndipo ndidzachita. Pena angotanthauza kuti, Mau anu afika m'khutu langa, ndipo ndikulemekezani. M'mudzi mkulu apenya nkhope ya mwanayo, naona maso ali kuyendayenda, nabwereza mau ake. Pa intaneti nkhope palibe. Pafika inde yekha, ndipo bwana wa kutali amwerenga monga lonjezo. Pakapita masiku atatu ntchito ibwera yolakwika, bwana nati munthuyu ngwabodza kapena waulesi, pamene iye anangochita manyazi kufunsa. Makolo omwewo amene anatiphunzitsa ulemu anatisiyiranso mwambi wakuti safunsa anadya phula.

Inu aphunzitsi, mankhwala a nthenda iyi ali m'manja mwanu koposa m'manja mwa abusa. Mwana akaimika dzanja nati, Sindinamve, ndipo inu mumseka pamaso pa anzake kapena kumkwapula, mwamphunzitsa phunziro limene adzalisunga kufikira imvi: kuti kuli bwino kulakwa mwakachetechete koposa kufunsa. Ndipo mukatha kufotokoza musamafunse kuti, Mwamva? pakuti kalasi lonse lidzayankha ndi mau amodzi, ndipo simudzadziwa kanthu. Itanani mmodzi anene m'mau akeake chimene mwawatuma.

Kubwereza kumeneku oyendetsa ndege akusunga monga lamulo, ndipo analimbikitsidwa ndi tsoka lalikulu. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la ndege la pa chisumbu cha Tenerife, panagwa nkhungu yambiri, kotero kuti wa pansanja sanathe kuona ndege, ndi oyendetsa ndege sanathe kuonana. Ndege ya KLM inayamba kuthamanga kuti iuluke, woyendetsa wake poyesa kuti waloledwa, pamene ndege ya Pan Am inali ikali panjira yomweyo. Mau a pa wailesi anali okhoza kumveka pawiri, ndipo ena anatsekerezana polankhula anthu awiri nthawi imodzi. Anafa anthu 583. Chiyambire pamenepo anakhwimitsa malamulo a kalankhulidwe: liu lotanthauza kunyamuka alisungira nthawi yopereka chilolezo kapena yochichotsa, ndipo wolandira lamulo ayenera kulibwereza, kuti wolipereka amve ngati lafika lamphumphu. Ndipotu nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Pabwalo la milandu, ndi pa zokambirana za ankhoswe, wolandira mau sathamangira kuyankha. Ayamba wawabwereza, nawapereka kwa mnzake, kuti onse amve kuti chimene chinanenedwa ndi chimenechi. Kalaliki wakutali achite chomwecho ndi mizere iwiri: Ndamva kuti nditumize kalata ya mitengo yatsopano kwa a sitolo yakutiyakuti, Lachisanu pa 14, isanakwane 9 koloko ya ku London, ngati ndaphonya mundiuze. Kulemba zimenezi sikutha mphindi imodzi, ndipo sikuchotsa ulemu.

Tinene pang'ono za othandiza ena amene sali anthu konse, ndiwo makina oyankha mafunso, onga ChatGPT amene anatuluka m'mwezi wa Novembala 2022. Ena awatchanso ndi dzina lomwe lija la Chingerezi. Amenewa ali m'chigwa chozama koposa cha Lucan, pakuti sadziwa mudzi wanu, kapena kalasi lanu, kapena chimene munakambirana dzulo ndi mfumu, mukapanda kuwauza. Ndipo kawirikawiri safunsa. Adzaza mipata ndi zongoyerekeza, nazinena molimba mtima ngati zoona. Muwauze zonse monga mukadauza mlendo wofika lero, ndipo chimene akupatsani muchiyese musanachipereke kwa ana kapena kwa mpingo.

Pakati pa anthu ogwira ntchito imodzi ali kutalikutali pamabuka vuto linanso, ndilo kuganizirana zoipa. Pa Yoswa 22, ana a Rubeni ndi a Gadi ndi hafu ya fuko la Manase, atathandiza abale ao pankhondo, anabwerera kwao kum'mawa kwa Yordano, namanga guwa lalikulu pafupi ndi mtsinjewo, osauza munthu chifukwa chake. Akumadzulo atamva anati ndi mpanduko, nasonkhana ku Silo kuti akawathire nkhondo. Mwamwai anayamba atuma Finehasi mwana wa Eleazara ndi akalonga khumi kukalankhula nao pamaso. Ndipo kunapezeka kuti guwalo silinali la nsembe konse. Linali mboni, kuti ana a akumadzulo asadzanene kwa ana a akum'mawa kuti alibe gawo mwa Yehova. Chimene chinaoneka ngati kudzipatula chinali kuopa kupatulidwa. Onse awiri anali ndi mlandu: awa anachita chinthu chachikulu osafotokoza, awo anamasulira okha asanafunse.

Mau olembedwa alibe nkhope, alibe kamvekedwe. Mnzanu ayankha kuti, Chabwino, ndipo inu muyamba kulingalira ngati ndi chabwino wokondwa kapena wokwiya. Akhala chete tsiku lathunthu, inu muti wanyoza, pamene kwao magetsi azima kapena mwana wadwala. Lamulo lathu likhale ili, kuti nkhani ikayamba kutentha isapitirire ndi makalata. Mauthenga atatu akapita ndi kubwera osamvana, imbani foni, mumvane mau, ndipo ngati nkutheka muonane nkhope pa vidiyo. Mukatha, mmodzi alembe chimene mwapangana natumize kwa onse, kuti mawa pasakhale wonena kuti, Ine ndinamva zina. Ndiponso kudzudzula munthu pa gulu la WhatsApp, pamaso pa anzake khumi, kuli ngati kumkalipira pamsika. Kalipirani pambali, yamikani pagulu.

Kwatsala mwini ntchito, amene amalonda amtcha kasitomala, ndiye wolipira ndi woyembekeza. Kwa iye chovuta sindicho kunena zosamveka kokha, koma kubisa zowawa. Pa 2 Samueli 18, Abisalomu ataphedwa m'nkhalango ya Efraimu, Davide analikudikira mbiri pachipata cha Mahanaimu. Yoabu anatuma Mkusi. Koma Ahimaazi mwana wa Zadoki anaumirira kuti athamange nayenso, chinkana Yoabu anamuuza poyera kuti mwana wa mfumu wafa, ndi kuti mbiri ya tsiku limenelo ilibe mphotho. Anadzera njira ya kuchigwa, napitirira Mkusi, nafika poyamba, nanena za chipambano. Koma mfumu inali ndi funso limodzi lokha, la mwana wake. Ndipo pamenepo Ahimaazi anazemba, nati anangoona piringupiringu wa anthu, osadziwa chimene chinachitika. Davide anamuuza apatuke naime pambali. Liwiro lake lonse linatha pomwepo, ndipo mfumu inadikirabe kufikira anadza Mkusi, amene ananena choonadi, ngakhale anachikulunga m'mau aulemu.

Ahimaazi tili nao ambiri, ndipo sitiwayesa anthu oipa mtima. Akonda mfumu, naopa kuiliza. Mmisiri adziwa Lolemba kuti ntchito imene analonjeza Lachisanu siidzatha, koma mwini ntchito akafunsa ayankha msangamsanga kuti, Zili kuyenda, musadandaule. Lachisanu likafika foni yake izima. Mlamu uja adziwa kuti simenti yakwera mtengo ndi kuti ndalama yathera pa mawindo, koma atumiza chithunzi cha khoma la kutsogolo lokha. Kalaliki wakutali watumiza kalata kwa munthu wolakwika, nakhala chete, kuyembekeza kuti mwina sizidzadziwika. Onsewa ayesa kuti ali kusunga mtendere, koma ali kulanda mnzao chinthu chimene sichibwezeka, ndicho masiku amene akadakonzera njira ina.

Mbiri yowawa inenedwe tsiku lomwelo yadziwika, ndipo ikhale m'mzere woyamba wa kalata, isabisike pansi pa malonje ataliatali. Moni akhalepo, pakuti ndife anthu. Koma pambuyo pake padze mau onga awa: Ntchito imene tinati idzatha Lachisanu pa 14 siidzatha. Chatiletsa ndi chakutichakuti. Gawo loyamba ndi lachiwiri atha, ndipo tawatumiza pamodzi ndi kalata ino. Lachitatu lidzafika Lachiwiri pa 18, isanakwane 12 koloko ya kwanuko. Ngati tsiku limenelo likuonongerani kanthu, mutiuze lero, kuti tione chimene tingayambe nacho. Mwini ntchito akalandira kalata yotere Lolemba, ali nao masiku anai: akhoza kusuntha msonkhano wake, akhoza kuchenjeza amene ali kumdikira iyenso, kapena kugawira munthu wina gawo lotsalalo.